Malisiti Amasuluka, Tamanda

Ndirande, Lachinayi masana

Tamanda mwana wanga,

Amayi ako apita nawe kokalukitsa tsitsi, ine andisiya mu situdiyo ndi lamulo lakuti ndisachoke mpaka telala abweretse diresi lako. Kunja kuli chiperoni. Phiri la Ndirande silikuoneka chiyambire m'mawa, ngati wina walinyamula n'kusiya utsi pomwe linali. Tsiku lotere palibe amene amabwera kudzajambulitsa. Ndani angafune kutuluka pachithunzi atakwinya mapewa? Ndiye ndakhala pampando wa makasitomala, pepala pamwendo, kumvetsera madontho akugwa kuchoka pamalata. Mawa ku Chileka kudzakhala azakhali ako, anzako akwaya, nyimbo ndi misozi, ndipo iwe umandidziwa, anthu akachuluka pakamwa panga pamauma. Kalatayi uipeza m'thumba lam'kati la jekete lako lalikulu lija. Usaitsegule uli pansi. Udikire ndege iboole mitambo.

Ndikulemba nditayang'anizana ndi chinsalu chathu chija chapakhoma, chomwe anthu amaima kutsogolo kwake ndikamawajambula: nyumba zitalizitali, msewu wopanda fumbi, phiri lovala zoyera, ndi kandege pakona kamene sikafika komwe kakupita. Anthu ambiri a mu Ndirande muno anapita kunja kudzera pachinsalu chimenechi. Osoka nsapato, ogulitsa makala, akwati, ana a ubatizo, amalowa ndi matope kumapazi n'kutuluka m'fulemu ali kutsidya kwa nyanja. Iwe unaphunzira kuyenda ukugwirira m'mphepete mwake. Tsiku lina ndinakupeza ukukanda phiri loyeralo ndi chikhadabo n'kumanyambita chala, kufuna kudziwa ngati ndi shuga. Mawa ukupita kukaliona lenileni. Koma amene anatipentera chinsaluchi anaiwala nyumba imodzi, ndipo ndi nyumba imeneyo yomwe ndikufuna tikambirane: ofesi ya msonkho.

Usaseke. Za kuzizira amayi ako akuuza kale, za amuna, azakhali ako sanasiyepo kanthu, abusa anakupempherera Lamulungu. Ine ndatsala ndi dzenje lomwe ndinagweramo ndekha, ndipo munthu amachenjeza za dzenje lomwe akulidziwa kuya kwake. Unandiuza kuti kumeneko, ngakhale namwino wolembedwa ntchito pachipatala monga iwe, kamodzi pachaka amakhala pansi n'kuuza boma zonse zomwe wapeza, ndipo pali pulogalamu ya pakompyuta yomwe imamufunsa mafunso, iye n'kumayankha. Unanena ukuseka: "Adadi, zimenezo ndi zazing'ono, si ine ndimakudinirani kuno?" Kuseka kumeneko ndi komwe kwandigwiritsa cholembera lero. Inenso ndinasekapo choncho.

Unali ku sekondale pamene mabungwe anayamba kundiitana kukajambula misonkhano yawo m'mahotela. Ntchito yabwino, ya tiyi wamkaka ndi mpando wofewa. Koma asanandilipire ankafuna nambala yanga ya msonkho, ndiye ndinapita kukalembetsa. Mtsikana wa padesiki anandipatsa nambalayo n'kunena, "Bambo, masiku ano zonse mumachita nokha pa intaneti. Mukhale apa ndikusonyezeni?" Kumbuyo kwanga pamzere kunali munthu amene ndinamujambula ukwati wake, atavala tayi, khutu lili kwa ine. Ndinayankha mokweza, "Ayi mayi, zimenezi ndimazidziwa." Sindinkadziwa kanthu, Tamanda. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, ndinalowa m'kachipinda kena kolipiritsa makompyuta, ndinakhala pakati pa ana asukulu. Chingerezi cha pagalasilo sichinali chomwe tinaphunzira ife. Mawu aliwonse ndinkawadziwa paokhapaokha, koma akagundana ankasanduka chifunga. Mabokosi okhaokha, ngati mazenera a nyumba yopanda anthu. Nthawi yomwe ndinalipira inkatha, mwini malo akuyang'ana wotchi. M'bokosi la zomwe ndapeza ndinalembamo zonse zomwe zinali m'mutu mwanga, mpaka mtengo wa kamera yomwe ndinagula pangongole ndinauthira momwemo, n'kudina. Yankho litabwera, msonkho wake unali wa munthu wokhala ndi mabasi. Amayi ako atamva anaika manja m'chiuno: "Bambo a Tamanda, mabasiwo mumawagoneka kuti, poti pakhomo pano sitiwaona?" Tinaseka, koma cholakwikacho chinatsala pa dzina langa. Ndiye tamvera: munthu akakuuza kuti khala apa ndikusonyeze, khala. Ngakhale kumbuyo kwako kutaima dziko lonse litavala tayi, khala. Funsa, Tamanda.

Manyazi obwerera kwa mtsikana uja ndi amene anandipereka kwa Namate. Anali dobadoba, mmodzi wa anthu aja oima panja pa maofesi n'kumakulonjeza kuti akuchitira zonse mwachangu. Ankakhala pansi pa mtengo wa jakaranda tsidya lina la msewu, jekete losita bwino, fungo la perefyumu, maluwa apepo akumugwera pamapewa ngati mkwati. Anandiona ndikuzungulirazungulira pageti. "Madala, nkhope imeneyo ndi ya msonkho," anatero. "M'katimo mukalamba pamzere. Ndipatseni nambala yanu yachinsinsi ndi kangachepe, cholakwikacho ndichikonza, inu kagoneni." Mawu ake anali ofewa ngati a munthu wogonetsa mwana. Ndinamulembera nambalayo kuseri kwa chithunzi chomwe mwini wake sanabwere kudzatenga. Ndipo ndinagonadi, mwana wanga, tulo tokoma, chaka ndi chaka. Ndikamupatsa yake, iye ankanditumizira uthenga pafoni: zatheka madala.

Zinaululika pamene sukulu ina yaikulu ya ku Chilomoni inafuna kuti ndijambule ana onse zithunzi za ziphaso zawo. Ntchito imeneyo ndinali nditaipatsa kale dzina mumtima: inali fizi yako yoyambira sukulu ya unamwino. Anangopempha pepala limodzi, losonyeza kuti za msonkho zanga zili bwino. Ku ofesi ya msonkho, bambo wina wamagalasi anatembenuza kompyuta kuti ndione. "Malinga ndi zomwe mwakhala mukutiuza, inu simunapeze ngakhale tambala zaka zonsezi. Koma mabungwe awa akuti ankakulipirani." Ndinati sindinalembe ine. Anandiyang'ana mopanda ukali: "Nanga dzina lili pamwambapa ndi la ndani?" Ndinatuluka kukafuna Namate. Mtengo unalipo, maluwa ali mbwee pansi, munthu palibe, foni yake ikungolira kutali ngati m'chitsime. Ntchito inapita kwa wina. Zotsatira zake ukuzidziwa, unazisenza ndiwe: anzako anayamba sukulu, iwe unakhala pano chaka chathunthu ukudula zithunzi za pasipoti ndi sizasi, osandifunsa funso ngakhale limodzi.

Namate aliko kumene ukupitako. Usaganize kuti anatsala pansi pa jakaranda. Kumeneko adzakhala atavala chikhoti chachitali, adzakulankhula Chichewa tsiku lomwe wachisowa kwambiri, adzakutchula sisi, mwinanso adzakupatsa kapaketi ka usipa wochokera kwathu kuno, ndipo mtima wako udzasungunuka. Kenako adzati, "Ndipatse pasiwedi, ine ndimadziwa polemba kuti boma likubwezere zambiri. Tingolembapo ana awiri, ndani akawawerenge?" Idya usipawo, uthokoze, koma nambala yako yachinsinsi ikhale m'mutu mwako. Wokuthandiza weniweni amakhala ndi khomo lomwe ungagogode mawa, amakulola kuona zomwe akulemba, ndipo satumiza kanthu iwe usanawerenge. Dzina lili pamwamba ndi lako. Funsa, koma uone amene ukumufunsa.

Tsopano za malisiti, zomwe zimandipweteka mwa mtundu wina. Nditauzidwa kuti ndikonze zonse kuyambira pachiyambi, anati ndibweretse umboni wa zomwe ndinkagula pantchito yanga, mapepala osindikizira zithunzi, inki, mabatire, mafulemu, chifukwa zimenezo zimachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Ndinasangalala, popeza amayi ako sataya kanthu. Lisiti lililonse ankaliponya m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Tinachitsitsa Loweruka lina, tinachitsegulira pamkeka. Timapepala tinali momwemo, tambirimbiri, topindidwa bwino. Koma tinali toyera, Tamanda. Inki inali itauluka. Pena pankaoneka mthunzi wa nambala ukapendeketsa kudzuwa, kenako n'kuzimirira. Ndili mnyamata ndinaphunzira ntchito m'chipinda chamdima chotsukira zithunzi, momwe umaviika pepala loyera m'madzi amankhwala n'kumaona nkhope ikubwera pang'onopang'ono, maso poyamba, kenako mphuno, kenako kumwetulira, ngati munthu akuchokera kutali m'nkhungu. Pamkeka paja ndinaona zomwezo zikuyenda chobwerera. Zaka zanga zantchito zinali zitatembenuka n'kulowanso m'nkhungumo. Amayi ako anatola kamodzi, anakayang'ana mbali zonse, n'kunena chapansipansi, "Inu mumajambula anthu osawadziwa tsiku lililonse. Izi zokha munalephera kuzijambula?" Malisiti amasuluka, mwana wanga. Chilichonse chomwe wapatsidwa, cha yunifolomu, cha nsapato zakuntchito, cha maphunziro, pepala la malipiro, chijambule ndi foni tsiku lomwelo, uchisunge malo awiri. Usanene kuti ndidzakumbukira. Mutu nawonso ndi lisiti.

Amene anatitulutsa m'dzenjemo umawadziwa, koma sudziwa mmene zinayambira. Mayi Mhango, aja a ku Rumphi oyimba alito kutchalitchi kwathu, anagwira ntchito yowerengera ndalama m'boma mpaka kupuma. Ndinkakhala kumbuyo kwawo m'tchalitchi zaka zambirimbiri, ndinajambula maukwati a ana awo, ndipo Lamulungu lililonse ndinkati lero ndiwauza, koma mapemphero akatha ndinkangoti, "Mwadzuka bwanji mayi?" n'kudutsa. Ndinkaopa kuti andiona ngati wakuba. Anawauza ndi amayi ako, osandipempha, atakumana pamzere kuchigayo. Anabwera kuno ndi ambulera yawo yamaluwa, anakhala pampando womwe ndakhalapowu, anapukuta magalasi n'kunena, "Bambo a Tamanda, matenda obisa ndi amene amapha. Tiyambire pomwe pakupweteka."

Iwe unatsegula laputopu yomwe unabwereka kwa mnzako, unaiika patebulo lodulira zithunzi. Tsiku limenelo ndimalikumbuka ngati loto labwino: dzuwa likulowa pazenera, fumbi likuvina m'kuwalako, zala zako zikuyenda, pulogalamu ikufunsa funso limodzi, ife n'kuyankha, iyo n'kufunsa lina. Ndinadabwa kuti makina aja omwe anandiopsa ku Limbe anali odekha chotero. Sankathamangitsa munthu, ankadikira. Pomwe sitinamve, mayi Mhango ankati, "Dina kachizindikiro ka funsoko tiwerenge." Pomwe nawonso anakayika, sanachite manyazi, munthu wa sukulu yonse ija, anatenga foni n'kuyimbira a msonkho eni ake. Anatiika podikira, m'foni mukulira kanyimbo, iwo n'kumakatsatira ndi alito yawo mpaka munthu anayankha. Ndi tsiku lomwelo tinadziwa kuti mabungwe aja ankandidula kale msonkho asanandilipire, ndipo mapepala osonyeza zimenezo, omwe ine ndinkakutira nawo mafulemu kuti magalasi asasweke, anali ochepetsa ngongole yanga. Tinakawatola m'makatoni, ena atang'ambika m'mbali. Lolemba lake mayi Mhango anandiperekeza ku ofesi, ndinafotokoza zonse ndi pakamwa panga, ndipo a msonkho anandilola kulipira pang'onopang'ono. Palibe amene anandimanga. Palibe ngakhale amene anandikalipira. Chomwe ndinachithawa zaka zonse zija chinali mpando, munthu ndi mafunso.

Kumene ukupita, upeze mayi Mhango ako vuto lisanafike. Adzakhalapo, kutchalitchi, kuntchito, kapena m'maofesi aja unati amathandiza alendo mwaulere nyengo ya msonkho ikakwana. Pulogalamuyo ndi yabwino, koma imangodziwa zomwe waiuza. Ukaiuza bodza imalandira mwaulemu, ukalakwitsa siingakugwire dzanja. Malamulo akumeneko si akuno, ndipo chaka choyamba, poti wafika pakati pa chaka komanso ndiwe mlendo, mafunso ake adzakhala okhotakhota. Funso lomwe sunalimve usaliyankhe pongofuna kuti lichoke pamaso. Liwerenge kawiri, imirira, umwe madzi, uyimbire munthu. Ndipo usadikire tsiku lomaliza, pomwe aliyense akuthamanga, netiweki itadzaza ngati minibasi ya madzulo. Funsa, Tamanda, funsa kudakali kowala.

Ndikubwerezabwereza chifukwa magazi ako ndimawadziwa, ndi anga. Uli sitandade folo unagwa pamwala kumpopi, dzanja linatupa, iwe unalibisa m'juzi mpaka amayi ako anaona ukudya ndi lamanzere. Nthawi ya maphunziro akuchipatala unkayenda wapansi kuchoka m'tauni kufika kuno, nsapato zoyera zili m'manja, kusiyana n'kunena kuti ya minibasi yatha. Anthu amakuyamikira kuti ndiwe wolimba, ine ndimachita mantha. Kuno kulimba kwako kunali ndi anthu okuona ukudya ndi lamanzere. Kumeneko ukatseka chitseko, watseka.

Palinso china, ndipo apa ndikulankhula m'malo mwa amayi akonso. Ukayamba kulandira, mafoni adzayamba kulira. Wina denga likudontha, wina fizi, wina maliro, ndipo zonse zidzakhala zoona. Udzafuna kutumiza zambiri kuposa zomwe uli nazo. Pamenepo padzabwera maganyu akumbali, kusamalira nkhalamba Loweruka, olipidwa pamanja popanda pepala, ndipo mtima udzakunong'oneza kuti izi boma lisadziwe, ndi za kunyumba. Usatero chifukwa cha ife. Uyambe wafunsa ngati chiphaso chako chikukulola maganyu oterowo. Ngati chikulola, ndalama zake uzilembe, zidulidwe msonkho, utitumizire zotsalazo. Chilolezo chako chokhalira m'dziko la eni chimaima pa dzina loyera, ndipo ine sindikufuna lata ngakhale limodzi padenga langa logulidwa ndi tulo tako. Ife tidya. Anthu sanasiye kukwatirana mu Ndirande, ndipo aliyense wolota zochoka dziko lino amayamba wadzera kwa ine kudzajambulitsa cha pasipoti.

Dzana masana ndinawodzera pampando uno, ndipo ndinakulota. Unali m'kachipinda kam'mwamba, zenera lonse loyera, kunja kukugwa tinthu ngati thonje popanda phokoso. Unakhala pabedi utafunda chitenje chobiriwira cha amayi ako, kuwala kwa laputopu kuli pankhope. Pulogalamu inkakufunsa mafunso, koma mawu ake anali a amayi ako. Inati, mwapeza zingati chaka chino? Unayankha. Inati, muli ndi okudalirani? Funso limenelo unalilumpha. Kenako inati, wadya? Ine ndinali pakhomo ndikufuna kulowa, koma mapazi anali olemera ngati ndaponda phula, ndipo ndikati ndikuitane pakamwa pankangotuluka nthunzi. Anandidzutsa ndi mayi wogulitsa nthochi amene anagogoda kufuna chenji. Amayi ako sindinawauze, angalire. Ndikukuuza iwe kuti udziwe: funso la okudaliralo ukalipeza, uliyankhe monga lamulo lakumeneko likufunira, osati monga mtima ukufunira. Kukudalira kwathu sikolemba m'bokosi.

Za ine usade nkhawa. Ndapangana kale ndi mayi Mhango. Ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga, osatumidwa ndi amayi ako. Nyengo ya msonkho ikafika adzakhala pambali, koma wodina ndidzakhala ine. Anandiseka kuti ndimadina ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Zilibe kanthu, nkhuku imakhuta.

Pepala likutha, koma ndili ndi pempho limodzi, ndipo si langizo. Tsiku lomwe udzakhale pansi kulemba za msonkho wako woyamba kumeneko, undiyimbire. Uimike foni patebulo, uitsamiritse pakapu, kuti ndizikuona. Sindidzamva kalikonse ka malamulo awo, sindidzakuthandiza ngakhale bokosi limodzi, ndipo mwina netiweki izidzaduka, nkhope yako n'kuuma pagalasi kukamwa kuli yasa. Bandulo ndidzagula yokwanira. Iwe uzidzawerenga mafunso mokweza, ine ndizidzangoti, "Eya, pitiriza." Kwa ena ndi ntchito yotopetsa ya pachaka. Kwa ine kudzakhala kumva, mzere ndi mzere, mmene mwana wanga wakhalira chaka chonse kutali ndi ine: komwe wagwira ntchito, chomwe wagula, chomwe chatsala. Ukadzafika pomaliza, pa batani lotumizira, usafulumire. Undiuze kaye, tidzapume limodzi, kenako udine.

Yenda bwino, mwana wanga. Mulungu akuone kumene maso anga safika.

Ndine,
Adadi ako